Zikomo Akhristu a ku Mukobeko, simunatifunse mlandu

Kwa Bambo Mfumu, masisitere, akatekisiti, akuluakulu a bungwe la parishi, atsogoleri a miphakati ndi Akhristu nonse a Mpingo wa Katolika ku Mukobeko, mumzinda wa Kabwe.



Ine ndine mayi wa ku Katete, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Mlongo wanga anakhala zaka zambiri m'ndende ya Mukobeko, poyamba ali m'gulu la odikira chingwe, kenaka ali wokhala m'ndende moyo wonse. Chaka chatha anatuluka pa chikhululukiro cha Pulezidenti, ndipo lero ali kumudzi, akupala matabwa ndi kukhoma zitseko. Akuluakulu a banja lathu atakhala pansi anagwirizana kuti zimene munatichitira n'zosayenera zikomo wa kukhutu, koma wa pabwalo, woti amve ndi anthu amene sanapondepo ku Kabwe. Ndiye atuma ine kuti ndilembe. Maina anu sinditchula poti ndikudziwa kuti simunkachita zimenezi pofuna kutchuka. Aliyense adzizindikira yekha.

Kwathu kuno dzina la Mukobeko limatchulidwa monong'ona. Akangoti uje amupititsa ku Mukobeko, amayi amayamba kulira maliro munthu akadali moyo, ndipo abale ena amaleka kumutchula pakati pa ana a pakhomo. Ambiri sadziwa kuti kunja kwa mpanda uja kuli mudzi wa anthu: ana opita kusukulu, amayi ogulitsa tomato ndi makala, abambo odzukira kumaganyu, ndi Akhristu osonkhana pa Misa Lamulungu lililonse. Inu mumakhala pafupi ndi malo amene dziko lonse limawaopa. Mukanafuna mukanawafulatira, ndipo palibe akanakudzudzulani. Koma inu munaona kuti anthu a mkati muja nawonso ndi a parishi yanu.

Ndiyambe ndi inu amayi anzanga, chifukwa ndinu munayamba kundilandira. Kuchoka ku Katete kukafika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 500, kudutsa Sinda, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Ukatsika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity uyenera kukweranso basi ina ya makilomita ngati 140 kuti ufike ku Kabwe. Ndalama ya ulendo wotere kwa ife imachokera m'mbuzi kapena m'matumba a mtedza, ndipo ya malo ogona sipezeka. Ulendo wanga woyamba ndinafika dzuwa litalowa, nthawi yoona akaidi itatha kalekale, ndilibe mbale aliyense m'tauniyo, Chibemba osachidziwa. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, chikwama ndi kathumba ka ufa zili pambali, ndikuganiza zogona pakhonde la sitolo.

Mayi wina wovala chitenje cha bungwe la Anna Woyera, akuchokera kumphakati, anaima n'kundipatsa moni m'Chibemba. Ataona kuti ndikungogwedeza mutu anasinthira m'Chinyanja nati, "Amayi, mwabwera kudzaona wathu wa mkatimu? Tiyeni kunyumba, kunja kuno kwada." Anasenza yekha kathumba kanga. Kunyumba kwake anandifunditsira madzi osamba, kundiphikira nsima ya kapenta ndi kholowa, ana ake n'kusamukira pansi kuti ine ndigone pabedi. M'mawa anandiuza zoti ndikonzeretu chitupa changa, zinthu zololedwa kulowa pachipata ndi zosaloledwa, nandithandiza kukhuthulira shuga ndi mchere m'mapepala oonekera mkati kuti asilikali asavutike pofufuza. Kenaka anandiperekeza mpaka pachipata penipeni. Usiku wonse uja ndi m'mawa mwake sanandifunsepo kuti mlongo wanga analakwa chiyani. Mudzi wathu wonse unali utandifunsa kale funso limenelo, ena ndi pakamwa, ena ndi maso. Pambuyo pake ndinamva kuti si ine ndekha: amayi ochokera ku Mongu, ku Kasama, ku Choma akhala akugona m'nyumba zanu chimodzimodzi. Mulungu akudalitseni, amayi inu, pamodzi ndi amuna anu ndi ana anu amene ankalola kugawana ndiwo ndi mlendo wosamudziwa.

Ndithokozenso a m'mabungwe onse, a Legio ya Maria, a Vincent de Paul Woyera, a bungwe la abambo, akwaya ndi achinyamata, amene mumasonkha zochepa zanu n'kulowa nazo mkati. Munthu wosadziwa ndende angaone ngati sopo, mafuta odzola, kapaketi ka mchere kapena bulangeti m'nyengo yozizira ya Juni n'zopanda pake. Amene anakhalamo ndiye amadziwa. Gawo la odikira chingwe linamangidwa kuti lisunge anthu pafupifupi 50, koma pofika mu 2015 munali anthu oposa 300. Pamene anthu athithikana chonchi, mphere ndi chifuwa chachikulu sizichedwa kufala. Mu 2010 bungwe la Human Rights Watch, pamodzi ndi la PRISCCA la konkuno, linapeza kuti ndende zonse za Zambia, zokhala ndi akaidi oposa 15,000, zinali ndi dokotala mmodzi yekha. Pamalo otere sopo ndi mankhwala ndithu. Inu si olemera. Mgodi umene unkadyetsa Kabwe unatsekedwa mu 1994, ndipo ntchito za njanji ndi za fakitale ya nsalu ya Mulungushi zinachepa, kusiya mabanja ambiri ali manja lende. Chilala cha 2024 chinakufinyani monga chinatifinyira ife. Komabe dengu la akaidi silinaleke kuzungulira m'miphakati.

Kwa inu Bambo Mfumu, ndi ansembe onse amene akhala akusinthana pa ntchito imeneyi, mlongo wanga wandiuza kuti ndinene izi. Ngakhale ankadziwa kuti papita zaka popanda wonyongedwa, lamulo linali chikhalire, ndipo aliyense mkati muja ankadziwa kuti Pulezidenti wina akhoza kudzangosaina. Makiyi akalira nthawi yosazolowereka, chipinda chonse chinkangoti zii. Munthu wokhala ndi mantha otere chaka ndi chaka amaleka kudzisamala, amaleka kuganiza za mawa. Chimene chinamudzutsa iye ndi chakuti inu munkabwerabe. Munkachita Misa, munkamva kulapa, munkakonzekeretsa ena ubatizo, monga mmene mungachitire ndi anthu amene ali ndi tsogolo. Poona zimenezi anayambiranso kuwerenga, analowa sukulu ya m'ndende, ndipo chilango chake chitasinthidwa anaphunzira ukalipentala umene ukumudyetsa lero.

Koma mphatso yaikulu kuposa zonse imene banja lathu linalandira kwa inu inali funso lowawa. Tsiku lina ndikutuluka pachipata, mkatekisiti wina wachikulire anayenda nane kagawo ka njira. Anamvetsera madandaulo anga onse, za mtunda, za ndalama, za kuonda kwa mlongo wanga. Nditatha anati, "Mwachita bwino kubwera, amayi. Nanga kwa aja analira maliro, kunapita ndani?" Pa mlandu wa mlongo wanga panatayika moyo wa munthu. Munthuyo anali ndi mayi ake, mkazi ndi ana. Mkatekisitiyo anandifotokozera kuti Mpingo ukamayendera wam'ndende sukunena kuti mlanduwo ndi waung'ono, ndipo chifundo chimene chimalumpha mkazi wamasiye n'kukafika kwa wolakwa yekha n'chopunduka.

Nditabwerera kumudzi ndinauza amalume. Iwo anakaonana ndi anyakwawa, anyakwawa n'kutumiza mawu kwa amfumu a mudzi winawo. Ulendo woyamba anatibweza, ndipo kutero kunali koyenera. Patapita nyengo anatilola kukhala pamphasa. Tinapepesa monga mwa mwambo wathu, tinawerenga kalata imene mlongo wanga analemba ndi dzanja lake, ndipo tinalonjeza kuthandiza pa sukulu ya mwana wawo wotsiriza. Palibe anawakakamiza kunena kuti akhululuka, ndipo chilonda chawo sichinapole tsiku limenelo. Koma pamene mlongo wanga ankatsika basi chaka chatha, panalibe womudikira ndi chibonga. Wakutsina khutu ndi mnansi. Bambo inu, ngati mawuwa akufikani, dziwani kuti funso lanu linamangira munthu njira yobwerera kwawo.

Sindingaiwale asilikali oyang'anira ndende, amene ambiri mwa iwo ndi Akhristu a parishi yomweyi. Lamulungu ndinkaona munthu akuimba m'kwaya kapena akuwerenga mawu a Mulungu, Lolemba n'kumupeza pachipata atavala yunifolomu. Ntchito yanu ndi yolemetsa, ndipo anthu sakuthokozani kawirikawiri. Mumasunga anthu ena oopsadi, muli ochepa, zipangizo zili zoperewera. Mu 2016 dziko linasintha dzina la nthambi yanu kukhala Zambia Correctional Service, pofuna kuti ndende ikhale yokonza munthu osati yongolanga. Lamulo limalembedwa ku Lusaka, koma amene amalisandutsa zenizeni ndi msilikali amene amasankha kuyankha mkaidi mwaulemu, kapena kumuthamangitsira kuchipatala usiku akadwalika. Amene mumachita zimenezi, zikomo.

Tsopano ndilankhule za chinthu chimene ena amakunenerani, chakuti Mpingo uzikhala m'tchalitchi, nkhani za dziko uwasiyire andale. Ine ndikukuthokozani chifukwa simunamvere zimenezo. Mlongo wanga ali moyo lero chifukwa anthu ena anakana kukhala chete.

Anthu omaliza kunyongedwa m'dziko muno anali 8, ku Mukobeko komweko, mu Januwale 1997. Pulezidenti Levy Mwanawasa atalowa anakana kusaina kuti munthu aphedwe, ndipo mu 2004 anasintha chilango cha asilikali 44 amene anawaweruza kuti afe pa mlandu wofuna kulanda boma mu Okutobala 1997. Amene anamutsatira nawonso sanasaine. Pa 16 Julayi 2015 Pulezidenti Edgar Lungu anafika yekha ku Mukobeko nasintha chilango cha anthu 332 kuti akhale m'ndende moyo wonse, ndipo mlongo wanga anali m'gulu limenelo. Pa 23 Disembala 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lochotsa chilango cha imfa m'malamulo a milandu, ndipo mu Febuluwale 2023 anthu 390 amene anali atatsala pamndandanda wa chingwe anawasinthira chilango. Atsogoleriwa anali a zipani zosiyana, ena ankadana kwambiri, koma pa nkhani iyi anayenda njira imodzi. Zinatheka chifukwa kwa zaka zambiri maepiskopi athu, a Caritas Zambia, magulu a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi, mipingo ina, maloya ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu ankabwereza mfundo imodzi: khoti likhoza kulakwa, wosauka ndiye amasowa loya wabwino, ndipo munthu wophedwa sungamubwezere moyo ukazindikira kuti unalakwitsa. Mu 2018 Papa Francis anasintha ndime 2267 ya Katekisimu kuti inene momveka kuti chilango cha imfa n'chosavomerezeka. Inu a ku Mukobeko munali mutayamba kale kuphunzitsa zimenezi ndi miyendo yanu. Episkopi akamalankhula za ulemu wa mkaidi, mawu ake amalemera chifukwa pali nkhosa zake zimene zimalowa mkati muja ndi kuona ndi maso.

Ndende yanuyo yaphunzitsanso dziko lino kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kenneth Kaunda, amene analamulira zaka 27, anamangidwa pa tsiku la Khirisimasi mu 1997 n'kutsekeredwa ku Mukobeko, mpaka Julius Nyerere anachita kubwera kuchokera ku Tanzania kudzamuona. Mu 2017 Hichilema, ali mtsogoleri wotsutsa boma, anakhala m'ndende masiku 127 pa mlandu woukira dziko, ena mwa masikuwo ali ku Mukobeko. Mu Juni chaka chimenecho mabungwe atatu aakulu a mipingo, motsogozedwa ndi Ambuye Telesphore Mpundu amene panthawiyo anali Arkiepiskopi wa Lusaka, analankhula poyera kuti nkhaniyo ikuika mtendere wa dziko pachiswe ndipo ifunika kukambirana. Hichilema anatuluka pa 16 Ogasiti, ndipo patatha zaka zinayi anakhala Pulezidenti. Mipingo yomweyi ndi imene inakhazika Kaunda ndi Frederick Chiluba pamodzi mu 1991 pamene dziko linkabwerera ku zipani zambiri, ndipo mu 2001 inali m'gulu la Oasis Forum lokana kuti Pulezidenti Chiluba aime kachitatu. Nthawi zonsezi olamulira ankati Mpingo walowa ndale, ndipo otsutsa ankaombera m'manja. Mipando ikasinthana, oombera aja ndi amene amayamba kudandaula. Umenewu ndi umboni wakuti Mpingo sunali kumbali ya chipani chilichonse. Chimene ine ndinaona kwa inu n'chakuti mkaidi wotchuka ndi mkaidi wakuba mbuzi mumawapempherera m'pemphero limodzi, ndipo wotchukayo akatuluka, makamera n'kuchoka, inu mumatsala ndi wambuziyo.

Ndipereke ulemu kwa Ambuye Clement Mulenga, episkopi woyamba wa Dayosizi ya Kabwe kuyambira pamene Papa Benedict XVI anaikhazikitsa mu 2011, chifukwa chotumiza ansembe kumalo kumene kulibe chopereka chochuluka. Papa Francis anasambitsa mapazi a akaidi Lachinayi Loyera lake loyamba mu 2013, ndipo pa 26 Disembala 2024 anatsegula Khomo Loyera la Chaka cha Jubile m'ndende ya Rebibbia ku Rome. Titamva zimenezi pa wailesi kunyumba kwathu sitinadabwe, chifukwa tinali titaziona kale ku Kabwe.

Wothokoza sasowa chopempha, ndiye ndiloleni nditule nkhawa zitatu.

Yoyamba ndi ya amene atsala mkati. Chingwe chinachoka, koma ambiri mwa anzake a mlongo wanga akukalambira momwemo, maso akuchita khungu, miyendo ikutupa, ndipo ena abale awo analeka kalekale kubwera. Palinso ena m'ndende zathu amene akudikira kuti milandu yawo kapena apilo yawo imvedwe, zaka n'kumapita. A Chilungamo ndi Mtendere, pitirizani kulemba maina a anthu otere ndi kuwafikitsa kwa maloya a boma othandiza osauka ndi kwa akomiti oona za kumasula akaidi. Fayilo yopanda woitsatira imagona.

Yachiwiri ndi ya otuluka. Tsiku lotuluka ndi lachisangalalo, koma sabata yotsatira ndi yoopsa. Munthu amatuluka ndi luso m'manja koma alibe sowo, alibe makina osokera, nthawi zina alibe ngakhale ya basi. Wolemba ntchito akamva kumene wachokera amatseka chitseko. Akasowa pogwira amabwerera kwa anzake akale, ndipo posachedwa amabwereranso mkati. Mlongo wanga anapulumuka chifukwa Bambo Mfumu anamulembera kalata yopita kwa Bambo Mfumu wa kwathu, ndipo mphakati wathu unamupatsa ntchito yoyamba yokonza mabenchi. Kalata yotere siwononga ndalama. Ndikupempha kuti ikhale chizolowezi cha madayosizi onse, kuti aliyense wotuluka apeze mphakati ukumudikira.

Yachitatu ndi ya ana a Kabwe. M'maulendo anga ndinamva amayi akukamba za mtovu, ndipo monga mphunzitsi mtima unandiwawa. Mgodi wa Broken Hill unakumba ndi kusungunula mtovu kwa zaka pafupifupi 90, ndipo utatsekedwa unasiya mulu wa zinyalala zake umene anthu amautcha Black Mountain. Mphepo ya m'chilimwe imaulutsa fumbi lake kupita ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi madera ena oyandikana nawo. Mwana wokwawa amalidya ndi timanja take. Mtovu ukalowa m'magazi umaononga ubongo umene ukukula, umachepetsa magazi, ndipo mwanayo amavutika kugwira za m'kalasi kwa moyo wake wonse. Akatswiri a zaumoyo amati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwino, ndipo ofufuza a University of Zambia pamodzi ndi anzawo a Hokkaido University apeza ana ambiri a m'madera amenewa ali ndi mlingo wokwera kwambiri. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola oposa 65 miliyoni yothandizira kuyeretsa madera a migodi ndi kupereka mankhwala, koma mwana akalandira mankhwala n'kubwerera kukasewera pa dothi lomwelo, mtovu umabwereranso. Mlandu wofuna chipukutamisozi unakalowa kukhoti ku Johannesburg mu 2020, kampani yoimbidwa mlanduyo ikukana kuti siyinalakwe, ndipo ana akukula akudikira. Ana amenewa sanaime pamaso pa woweruza aliyense, koma alandira chilango cha moyo wonse. Inu amene munaphunzira kulankhulira anthu oiwalika, alankhulireninso iwo. Gwiranani manja ndi maparishi anzanu ndi a Don Bosco a ku Makululu. M'miphakati kumbutsanani kukayezetsa ana magazi, kuwasambitsa m'manja asanadye, kuwaza madzi posesa ndi kubzala kapinga pabwalo. Ndipo pamene makhansala ndi aphungu abwera kudzapempha mavoti, afunseni kuti mulu uja udzakwiriridwa liti.

Ndimalize ndi inu owerenga a kwina, a ku Chipata, Lusaka, Lilongwe, Zomba, Tete ndi kulikonse kumene chinenero chathu chimamveka. Dziko la Zimbabwe linathetsa chilango cha imfa kumapeto kwa 2024. Ku Malawi palibe wanyongedwa kuyambira 1992, koma lamulo likadalipo, ndipo alipo anthu amene akugona ndi mantha aja a makiyi. Abale athu a kumeneko, musatope kulankhula. Ndipo tonsefe, pafupi ndi parishi iliyonse pali ndende, kapena chitokosi cha polisi, kapena nyumba ya mayi amene mwana wake ali mkati ndipo anansi aleka kumuyendera, kapenanso ya mayi amene mwana wake anaphedwa ndipo palibe anapita kukapepesa. Musadikire kuti zikugwereni monga zinatigwera ife. Pamsonkhano wotsatira wa mphakati wanu, funsani kuti ndani apite, atenge chiyani, ndipo apite liti.

Akhristu a ku Mukobeko, banja lathu lilibe chokubwezerani. Tapempha Misa yothokoza kuparishi kwathu m'dzina lanu, ndipo mlongo wanga akupanga benchi imene akufuna idzafike m'tchalitchi mwanu tikapeza galimoto yopita ku Kabwe. Aliyense wa inu akadzadutsa ku Katete, khomo lathu n'lotsegula. Chonde musaleke ntchito imeneyi, pakuti basi ya madzulo ikubweretsabe amayi ena.

Ine wanu mwa Khristu,
Mlongo wa mkaidi wakale,
Katete, Chigawo cha Kummawa.